Kupita ndi banja kukatsetsereka pa sinowo ku Lesotho: kukonzekera kwake kuyambira kuno ku Dedza

Ife a ku Dedza timadzitama ndi kuzizira kwathu. Mlendo wochokera ku Salima kapena ku Nsanje akatsika basi pa boma mu June n'kuyamba kugwedeza mano, timamuyang'ana chammbali n'kumati, "Apatu sikunazizire, dikirani kuche." Tili ndi chifukwa. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198, ndipo chisanu chowaula masamba a kachewere m'madimba timachidziwa kuyambira tili ana. Ndiye chisamba wanga atandionetsa pa foni ana akutsetsereka pa chipale chofewa, chimene ambiri timangoti sinowo, n'kufunsa kuti, "Ababa, kodi zimenezi ndi za azungu okha?" ine ndinayankha mosaganiza kuti mwana wa ku Dedza sangaope kuzizira kwa dziko lililonse. Mawu amenewo ndinawameza ndekha usiku woyamba paphiri. Kuzizira kuli apo, chimene chinatigwetsa ndi kutalika kwa phirilo, ndipo malangizo ambiri m'munsimu akuzungulira pamenepo.

Yambani ndi kusankha phiri

Anthu akamva za masewero a ski, otsetsereka pa sinowo utavala timatabwa titalitali kumapazi (timatabwato ndito ski), amaganiza za Switzerland, Austria kapena France. Kumeneko n'kwabwino, koma kwa banja la kuno kuli zopinga zitatu: visa ya Schengen yolowera m'mayikowo ya munthu aliyense, tikiti ya ndege yokwera mtengo, komanso nyengo. Sinowo wa ku Ulaya amagwa kuyambira December mpaka March, nthawi yomwe ife tili pa kupalira, kuthira feteleza ndi kulipira fizi.

Pafupi ndi ife pali Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, m'boma la Butha-Buthe, kufupi ndi Mahlasela Pass. Nyumba zogona zili pamtunda wa mamita oposa 3,000, ndipo pamwamba pa malo otsetserekapo ndi mamita 3,222. Kuti mumvetse, Sapitwa ya ku Mulanje ndi mamita 3,002. Kutanthauza kuti mukagona pamwamba kuposa nsonga iliyonse ya m'Malawi, osati kwa ola limodzi lojambulitsa ayi, koma usana ndi usiku. Lesotho yense ndi wapamtunda: ngakhale malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400, kungotsala pang'ono kufanana ndi tauni yathuyi.

Ndinene chilungamo kuti musakakhumudwe. Malo aakulu otsetserekapo ndi otalika pafupifupi kilomita imodzi basi, ndipo sinowo wambiri amapangidwa ndi makina opopera madzi usiku kukazizira kwambiri. Mutha kufika n'kupeza mzere woyera pakati pa mapiri ofiirira a udzu wouma. Katswiri angatope nawo tsiku limodzi. Koma banja lomwe silinavalepo ski chibadwire, kilomita imodziyo ndi yaitali ngati msewu wa M1.

Nthawi yopitira

Nyengo yake ndi June mpaka August. Sukulu za ku South Africa zimatseka kumapeto kwa June mpaka chapakati pa July, ndipo masabata amenewo malo amadzaza, mitengo imakwera. Zathu teremu yachitatu imatha mu July, ndiye mwayi wathu uli kumapeto kwa July ndi masabata oyamba a August. Musachedwetse mpaka kumapeto kwenikweni kwa August, chifukwa kukayamba kufunda sinowo amasanduka phala masana. Ngati mungathe, sankhani Lolemba mpaka Lachinayi. Loweruka ndi Lamulungu anthu a ku Johannesburg amakhamukira kumeneko ndipo mzere wobwereka nsapato umatha ola.

Masiku atatu otsetsereka paphiri ndi okwanira. Limodzi ndi lochepa, chifukwa tsiku loyamba limathera kugwa ndi kudzuka. Asanu, miyendo ya ana ndi thumba la bambo zonse zimakana.

Malo ogona sungitsani miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi nthawi isanakwane. February asakudutseni.

Musanagule tikiti, kaonaneni ndi dokotala

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe ambiri amalumpha.

Pa mamita 3,000 mpweya ndi wopepuka. Mpweya umene mumakoka kamodzi umakhala ndi okosijeni wochepa ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limazolowera, koma limafuna masiku. Munthu akakwera mofulumira kupitirira mamita 2,500 amatha kudwala matenda a pamtunda: mutu kuwawa, nseru, kusafuna chakudya, kufooka, chizungulire, tulo tosagwira. Siziyamba pomwe mwafika. Zimabwera patapita maola 6 mpaka 24, nthawi zambiri usiku woyamba, pamene aliyense akuganiza kuti zonse zili bwino.

Matendawa sasankha. Mnyamata wothamanga akhoza kugona nawo pamene agogo ake akumwa tiyi bwinobwino. Ife a ku Dedza ndi a kumtunda kwa Ntcheu, monga ku Tsangano ndi ku Lizulu, tili ndi mwayi pang'ono chifukwa matupi athu anazolowera kale kukhala pamwamba kusiyana ndi anzathu a kunyanja. Koma mwayiwo ndi wa theka la njira yokha. Kuchoka pa 1,600 kufika pa 3,000 padakali mamita 1,400.

Awa ndiwo asapite popanda chilolezo cha dokotala: amene ali ndi matenda a sickle cell, amene ali ndi vuto la mtima kapena la mapapo, mphumu yosakhazikika, magazi ochepa, BP yosatsika, ndi mayi woyembekezera. Za sickle cell ndikutsindika chifukwa kuno kwathu ilipo ndithu, ndipo mabanja ena sadziwa kuti mwana ali nayo. Okosijeni akachepa, maselo a magazi a munthu wotere amapindika n'kutseka mitsempha, ululu wake woopsa. Ngakhale amene anangotengera mbali imodzi yokha, amene sadwaladwala, kapamba wake amatha kuvulala pamtunda wotere. Ngati m'banja mwanu munamvekapo za matendawa, kayezetseni ana onse. Khanda losakwana chaka lisiyeni ndi agogo.

Mufunsenso dokotalayo za mankhwala a acetazolamide, amene ambiri amawadziwa kuti Diamox. Amathandiza thupi kuzolowera msanga, koma si ogula nokha pa famase n'kumagawira ana ngati maswiti.

Lamulo loti muliloweze ndi ili. Mutu wowawa pang'ono: panado, madzi, kupuma, osakweranso pamwamba tsiku limenelo. Koma munthu akayamba kusanza mosalekeza, kudzandira ngati waledzera, kuyankhula zosamveka, kupuma movutikira ali chikhalire, kapena kutsokomola thovu, musadikire kuche. Itanani a zachipatala a pamalopo ndipo mutsike naye. Kutsika mamita 500 kapena 1,000 kumasintha zinthu kuposa mankhwala alionse. Mwana wamng'ono sanena kuti mutu ukuwawa. Amangolira popanda chifukwa, kukana kudya, kusiya kusewera. Musati ndi matukutuku.

Mapepala

Aliyense, ngakhale mzime, akhale ndi pasipoti yakeyake. Ya ana yambani kuitsata chaka chisanathe, chifukwa aliyense amene anadikirapo pasipoti akudziwa kuti sizithamangitsidwa. South Africa imafuna pasipoti yomwe ikhalabe ndi mphamvu masiku osachepera 30 mutatuluka m'dzikomo, komanso masamba opanda chidindo. Werengani masambawo bwino: mulowa South Africa, mutuluka, mulowa Lesotho, mutuluka, mulowanso South Africa, mutulukanso. Zidindo zimenezo zimadya malo. Mmalawi wopita kokacheza kwa masiku ochepa safunika visa ku South Africa kapena ku Lesotho.

Tengani ziphaso za kubadwa za ana. Ngati akupita ndi kholo limodzi, kapena mwatenga mwana wa achimwene, pakhale kalata ya chilolezo ya kholo lotsalalo yodindidwa ndi wolumbiritsa, pamodzi ndi fotokope ya chitupa chake. Mwina sakakufunsani. Koma tsiku lomwe akufunsani muli pa chipata ndi ana atatu ndi zikwama, mudzalakalaka mukanatenga.

Inshulansi ya paulendo gulani, ndipo muuzeni wogulitsayo momveka kuti mukukasewera ski. Zambiri sizilipira ngozi ya pa sinowo pokhapokha mutawonjezera. Bondo likathyoka pamenepo, chipatala chili kutali ku Butha-Buthe, ndipo zikakula amakutumizani ku South Africa. Bilu yake si yolipira ndi ndalama ya kachewere.

Ndalama

Lembani papepala zinthu izi padera: ulendo wopita ku Johannesburg, galimoto ndi mafuta, malo ogona panjira, malo ogona paphiri, tikiti yokwerera chingwe chokoka anthu kupita pamwamba pa malo otsetserekapo, kubwereka zipangizo, maphunziro, chakudya, inshulansi. Ambiri amawerengera malo ogona okha n'kuiwala kuti tikiti ya chingwe, zipangizo ndi mphunzitsi amalipira munthu aliyense tsiku lililonse. Funsani mitengo ya chaka chimenecho mwachindunji, ndipo funsaninso ngati pali mtengo umodzi wophatikiza zonse.

Ndalama ya ku Lesotho ndi loti, zikachuluka maloti, ndipo imafanana mphamvu ndi randi. Randi imagwira ntchito paliponse ku Lesotho, koma maloti sagwira ku South Africa. Chenji cha maloti chithereni komweko.

Vuto lathu ndi kupeza randiyo. Pitani ku banki msanga ndi pasipoti ndi tikiti, osati sabata yonyamuka. Ndipo popeza kwacha imatha kugwa usiku umodzi, monga inachitira mu November 2023 pamene inatsika ndi 44 peresenti, chilichonse chimene mungathe kulipiriratu lipirirenitu. Ife tinasunga kwa zaka ziwiri, mbali ina ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba, mbali ina pa zokolola za kudimba. Anzanga ena anati ndapenga. Mwina.

Njira, ndi chifukwa chogonera panjira

Ndege yochokera ku Lilongwe imafika ku Johannesburg tsiku lomwelo. Basi yodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge ndi yotsika mtengo koma imadya tsiku ndi theka kapena kuposa, ndipo mwana wofika atatopa chotero phiri silimuchitira chifundo. Mukasankha basi, onjezani tsiku lopuma. Nthawi ya pa wotchi ndi imodzimodzi konseko, palibe chosintha.

Kuchokera ku Johannesburg ndi maola pafupifupi asanu pa galimoto: kudzera ku Bethlehem, Fouriesburg, chipata cha Caledonspoort, Butha-Buthe, kenako kukwera msewu wa A1. Apa ndi pomwe ine ndinalakwitsa. Pofuna kupulumutsa ndalama ya usiku umodzi, tinatsika ndege, kugona maola ochepa, m'mamawa n'kuthamangira mpaka pamwamba. Pakati pa usiku chisamba uja anandigwedeza phewa. "Ababa, mutu ukugunda ngati ng'oma." Milomo itauma, chakudya chamadzulo atachibweza chonse. Mayi ake anangondiyang'ana osanena kanthu, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kuyang'ana kumeneko kumaposa mawu. Tsiku lotsatira, lomwe tinali titalipira kale, mwana anathera pabedi.

Chitani chonchi m'malo mwake. Usiku woyamba ku Johannesburg, pa mamita pafupifupi 1,750. Wachiwiri ku Clarens kapena ku Fouriesburg, pafupi ndi malire. Tsiku lachitatu kwerani phiri masana, ndipo tsiku limenelo musavale ski. Yendani pang'onopang'ono, ana agwire sinowo, aponyerane, mudye chakudya chopepuka, mumwe madzi ambiri, mugone msanga. Mowa usiku woyamba ayi, ngakhale kuzizira kukunyengerereni.

Mukabwereka galimoto, nenani kuti mukuwoloka nayo kupita ku Lesotho kuti akupatseni kalata yololeza. Popanda kalatayo pa chipata mubwerera. Polowa Lesotho pali kandalama kolipirira msewu. Amayendetsa kumanzere ngati kuno. Thirani mafuta odzaza ku Butha-Buthe, ndipo zakudya zophika mugule kumeneko kapena ku Bethlehem.

Moteng Pass, chikweza chomwe mudutse pa msewu wa A1 uja, ndi Golomoti wamkulu. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere kuchokera ku Masasa akudziwa makhotakhota, koma onjezanipo madzi oundana m'malo amthunzi, malole olemera, ndi nkhosa zowoloka mosafunsa. Yendani dzuwa lili pamwamba, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Usiku ayi. M'mawa wonyamuka imbani foni ku malo ogona mufunse ngati msewu uli wotsegula, chifukwa sinowo akagwa wambiri amautseka. Potsika gwiritsani giya yaing'ono, musadalire mabuleki okha.

Zovala: kaunjika akuthandizani

Musagule ski, nsapato zake, ndodo kapena chipewa cholimba. Zonsezo mumabwereka komweko. Zovala ndiye zanu, ndipo apa ife tili ndi mwayi: mabelo a kaunjika amachokera ku mayiko ozizira, ndipo mathalauzi okhuthala a pa sinowo amangokhala pansi pa mulu chifukwa palibe amawafuna. Yambani kufufuza pa msika wa Dedza kapena wa Lizulu mu October kapena November, kukutentha, wogulitsa akufuna kungowachotsa. Mu May mtengo wa jekete umakwera kawiri.

Kavalidwe kake ndi kosanjikiza katatu. Mkati, chovala chothina cha ubweya kapena cha poliyesita chomwe sichisunga thukuta. Pakati, juzi kapena fulisi. Kunja, jekete ndi thalauzi zosalowa madzi ndi mphepo. Cha thonje chisakhudze khungu, ndipo jinzi isiyeni m'chikwama: ikanyowa siuma, imazizira ngati chitsulo. Magolovesi akhale osalowa madzi, ndipo a ana tengani awiriawiri, chifukwa pofika masana oyambawo amakhala atanyowa kapena limodzi litasowa. Masokosi aatali ofika m'mawondo, chipewa chophimba makutu, ndi kansalu kophimba khosi.

Dzuwa musalipeputse poti ndife akuda. Pamtunda wotere mphamvu yake yowotcha imachuluka, ndipo sinowo watsopano amabweza mpaka magawo 80 pa 100 a kuwala kowotchako kukulowetsani m'maso kuchokera pansi. Aliyense akhale ndi magalasi oteteza maso, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndi Vaseline wa milomo. Maso owotchedwa ndi sinowo amayamba kuwawa madzulo ngati mwalowa mchenga.

Kanthu kena kakang'ono: mapulagi a kumeneko ndi a mano atatu ozungulira, osiyana ndi athu. Gulani adaputala ku Johannesburg. Foni isungeni m'thumba la mkati, batire limatha msanga pozizira.

Paphiri penipeni

Lipirani mphunzitsi. Musadziphunzitse ndi mavidiyo a pa YouTube, ndipo bambo musayese kuphunzitsa mayi a ana chinthu chomwe inunso mwachiona dzulo, mubwerako osayankhulana. Ana a zaka zinayi kupita m'mwamba amaphunzira m'gulu lawo, ndipo amaphunzira msanga kuposa ife chifukwa saopa kugwa. Ocheperapo, ndi agogo ngati mwawatenga, pali malo otsetserekapo utakhala pansi, ndipo chisangalalo chake n'chimodzimodzi.

Pobwereka zipangizo akufunsani kulemera kwanu, msinkhu ndi luso. Nenani zoona. Manambalawo ndi amene amatcherera chomangira nsapato kuti chimasuke mukagwa, bondo lisapotoke. Mukachotsapo makilogalamu 10 chifukwa cha manyazi, mwadzinamiza nokha. Nsapato ya ski ndi yolimba ngati chigoba cha fulu. Valani sokosi imodzi yokha phazi lililonse, osapinda thalauzi kulowetsa mkati. Mukaima chilili zala zikhudze kutsogolo pang'ono, mukapinda mawondo zibwerere, chidendene chisanyamuke. Ikamapweteka pamalo amodzi bwererani mukasinthe nthawi yomweyo. Chipewa cholimba aliyense avale, wamkulu ndi mwana yemwe.

Choyamba kuphunzira ndi kuima, osati kuthamanga. Mumayandikitsa nsonga za ski kutsogolo, kumbuyo n'kutangadza, ngati khasu la pulawo, kenako kukankha zidendene kunja. Mawondo opinda, manja kutsogolo, thupi lotsamira kutsogolo pang'ono. Mantha amakuuzani kuti mutsamire kumbuyo, ndipo mukatero ski zimathawa n'kukusiyani chagada. Pofuna kukhotera kumanzere, lemetsani phazi lamanja. Zimamveka zopotoka, koma ndi momwemo. Mukaona kuti mukugwa, gwerani chammbali, pa ntchafu, osatsogoza manja. Podzuka ikani ski zonse mopingasa phiri, kumunsi kwa thupi lanu, apo ayi mudzuka uku mukutsetsereka kale.

Chingwe chokwezera anthu chili ndi kamtengo kooneka ngati chilembo cha T kamene kamakukokani m'matako muli chiimire. Musakakhalire. Si mpando. Ine ndinakakhalira, ndinagwa chagada anthu onse a pamzere akuona, ndipo mzime wanga mpaka lero amachita sewero lake alendo akabwera kunyumba.

Malamulo a pamsewu alipo ngakhale pa sinowo: amene ali patsogolo panu, kumunsi, ndiye mwini njira, inu mumupewe. Osaima pakati. Musanayambe kutsika yang'anani kumtunda. Ndipo ana akati "kamodzi komaliza" madzulo miyendo itatopa, kanani, chifukwa ngozi zambiri zimabwera munthu atatopa.

Ngati mwatenga nyumba yodziphikira, dziwani kuti pamtunda umenewo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90, osati 100. Nsima imapsa ndithu mukaipatsa nthawi, koma nyemba zouma musayerekeze, mudzagona ndi njala. Gulani za m'chitini. Ufa wa chimanga ulipo m'sitolo iliyonse, Abasotho nawo amadya nsima yawo yomwe amati papa. Usiku kunja kumazizira kupyola pa 0, nthawi zina mpaka -10, koma chizolowezi chathu cholowetsa mbaula m'chipinda chisiyeni kuno. Makala m'chipinda chotseka amapha mwakachetechete, ndipo mutu umene amayambitsa mungauyese wa phiri. Zovala zonyowa yanikani pafupi ndi hita, osati pamwamba pake.

Phunzitsani ana mawu awiri a Chisotho asanafike: "Lumela," omwe amatchulidwa ngati "dumela," popereka moni, ndi "Kea leboha" pothokoza. Abusa ovala mabulangete amene mudzawaone m'mbali mwa msewu si zithunzi za pa kalendala. Pemphani kaye musanajambule.

Pobwerera musakonze zotsika phiri ndi kukwera ndege tsiku limodzi. Msewu ukatsekedwa ndi sinowo m'mawa umenewo, tikiti za banja lonse zapita. Siyani usiku umodzi ku Johannesburg, ndipo m'chikwama chapamanja muike juzi za onse, chifukwa mukatsika pa Kamuzu International Airport n'kuyamba ulendo wa makilomita oposa 100 wobwerera kuno, mudzafika pa boma kutada, nkhungu itakuta phiri, ndipo August wa ku Dedza adzakhala akukudikirani pakhomo.